Ng'oma Ikasintha Chikopa, Kodi Yasanduka Ina?

Kuno kwa Kaomba zigafa zayamba kupepuka chifukwa fodya wapita ku msika. Lero ndili ndi mlandu woti ndiulule ndisanayambe kuweruza wa ena. Masabata apitawa ine, nkhalamba ya zaka zopitirira 70, amene ndidagwira choko moyo wanga wonse ndi kulanga ana ojomba kusukulu chifukwa cha madansi, ndidachezera usiku pa dansi. Ndidapita pa boma pa Kasungu kukaona gulu la Black Missionaries, limene ambiri amangoti Ma Blacks, likuimba ine ndikupenya ndi maso angawa. Agogo anu aakazi adandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi pamene ndinkavala jekete, nati, "Kodi abambo, maliro a yani usiku uno?" Nditawauza kumene ndinkapita, adangoti ukalamba uli ndi matenda ambiri, nabwerera kukhitchini.

Amene adandinyamula ndi mdzukulu wanga wamkulu, uja ali ndi njinga yamoto ya kabaza. Iyeyu nyimbo zake ndi za m'foni, zimene ine sindimvamo ngakhale liwu limodzi. Tili m'njira adatembenuka nati, "Agogo, mukungotaya ndalama. Ma Blacks enieni adatha kalekale. Mwini wake adamwalira, womulowa m'malo adamwaliranso. Awa angotsala ndi dzina." Sindidamuyankhe, chifukwa mphepo ya panjinga imalanda mawu, komanso chifukwa munthu wamkulu sayankha asanatafune. Koma mawu akuti "angotsala ndi dzina" adandikhala pamtima usiku wonse, ndipo ndi amene andikhalitsa pansi lero. Mwana wa Mchewa, wobadwira m'dziko la Kaomba, akunena za dzina ngati chinthu chotsalira m'mphika!

Ndiyambe ndakukumbutsani mbiri yake, popeza ena mwa inu mudali musanabadwe. Gululi lidachokera ku Chileka, m'boma la Blantyre, dera limene Mulungu adalipatsa nyimbo monga adapatsira ife fodya. Kumeneko ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, komanso kwa Robert Fumulani, amene ife akale tinkamumva pa wailesi ya MBC. Evison Matafale ndiye adali mutu wa gululi, ndipo zimbale zake adazitcha Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Pa 27 Novembala 2001 adamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma la nthawi imeneyo. Adali mnyamata wa zaka za m'ma 30, ndipo dziko lonse lidagwidwa njakata. Ambiri tidati ng'oma yasweka. Koma ana a Robert Fumulani, abale ake a malemuyo, adatola zida napitiriza, Musamude ali patsogolo, ndipo chimbale chawo sadachipatse dzina lina ayi, adachitcha Kuimba 3. Musamude naye adatisiya mu 2007, mng'ono wake Anjiru nalowa m'malo. Kuwerenga kuja sikudaime, kudapitirira ngakhale pa 10. Ndipo chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala, anthu akhala akusonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale.

Tsono mdzukulu wanga sadaname pa zochitika. Adalakwa pa tanthauzo lake.

Tayang'anani m'mene ife timachitira mfumu ikagona. Sitinena kuti mudzi watha. Mbumba imakhala pansi, makamaka amayi akuluakulu amene amadziwa mabere onse a banjalo, ndipo amasankha munthu pakati pa abale a malemuyo kapena ana a alongo ake. Wosankhidwayo amamulowetsa m'nyumba, akuluakulu namulanga, kumuuza zoyenera ndi zosayenera, ndipo potuluka m'menemo dzina lake lakale limatsala mkati. Amatuluka ali Kaomba, ali Lukwa, ali Chulu, ali Santhe. Mwase amene David Livingstone adamupeza kuno ku Kasungu mu 1863 adaikidwa m'manda kalekale, koma palibe munthu wa nzeru zake amene angaime pabwalo ndi kunena kuti a Mwase enieni adatha, awa angotsala ndi dzina. Angamulipitse mbuzi tsiku lomwelo. Anzathu Angoni amachita kuikapo nambala, Gomani V, M'mbelwa V, kuti aliyense aone kuti mpando ndi umodzi, okhalapo ndiwo amasinthana. Pamene ndidamva koyamba dzina lakuti Kuimba 3, ndidazindikira kuti anyamata a ku Chileka aja, kaya adachita dala kaya sadadziwe, adatsata mwambo womwewu.

Dzina kwa ife ndi katundu wolemera. Wolowa dzina amalowa ndi ngongole zake zomwe, milandu yosatha, malire a minda amene malemu adalonjeza, ana amasiye amene adawasiya. Iye sangati, "Zimenezo adanena ndi atsibweni anga, ine sindikuzidziwa." Anthu amamuyankha kuti, "Mudanena ndinu, mfumu." Chomwechonso woimba amene walowa dzina la gulu sangakane nyimbo zakale ngakhale atatopa nazo. Anthu amabwera kudzatenga ngongole yawo, ndipo ngongoleyo ndi nyimbo zimene zidawaperekeza ku maliro, ku maukwati ndi m'minibasi za zaka zija.

Kapena titenge ng'oma. M'mudzi mwathu mudali mbalule imene ndidaipeza ndili mwana, ndipo akuluakulu ankati adaisema ndi agogo a agogo athu. Chikopa chake ndidachiona chikusinthidwa kangapo. Chikang'ambika ankafuna china, nachinyika, nachikunga, nakhomera zikhomo zatsopano, naikapo phula, naiwamba pamoto mpaka italankhula bwino. Oimba ake nawonso adasinthana, manja a uyu atauma analowa a uyo. Koma ikalira usiku, nkhalamba za midzi yoyandikana zinkati, "Imvani, ng'oma ya kwa uje ija yayamba." Sizinkafunsa kuti chikopa ndi cha ng'ombe iti. Chimene zinkazindikira ndi liwu lake, ndipo liwulo limachokera mu mtengo ndi m'kaimbidwe kamene wamkulu adaphunzitsa wamng'ono.

Usiku uja ndidapita kukamvetsera ngati mtengowo ukadali womwewo. Adandipezera mpando pambali, kutali pang'ono ndi zimkuzamawu, chifukwa makutu anga adapuma ntchito pamodzi ndi ine. Anthu adali osiyanasiyana kuposa m'mene ndinkaganizira. Padali alimi amene adangogulitsa mabelo awo ku Chinkhoma, ovala nsapato zatsopano zimene zinkaoneka kuti zikuwaluma. Padali aphunzitsi, anamwino, anyamata a kabaza, amayi a misinkhu ya ana anga, ndi achinyamata amene Matafale ankamwalira asanabadwe. Oimba ena adayamba ndiwo, monga zimakhalira pa gule kuti zilombo zazing'ono zimatsogola kusesa bwalo. Kenaka magetsi a pa nsanja adasintha, gitala wa besi nayamba kugunda, ndipo ndidamumva m'chifuwa ndisanamumve m'makutu. Ichi n'chimene wailesi singakupatseni. Patangolira zingwe ziwiri zitatu za nyimbo ina yakale, khamu lonse lidafuula ngati anthu amene aona m'bale wawo akutsika basi kuchokera ku Joni. Woimba adangoyamba mzere woyamba nasiya, naloza chimkuzamawu kwa anthu, anthu namaliza okha nyimbo yonse.

Pamenepo ndidatembenuka kuyang'ana mdzukulu wanga. Munthu uja ankati ndikutaya ndalama adali atatseka maso, dzanja lili m'mwamba, akuimba liwu ndi liwu nyimbo imene idatuluka iye asanabadwe. Sindidamufunse kuti adaiphunzira kuti. Ndikudziwa. Mayi ake ankaiimba pochapa.

Ndiye ndikuti, mwini gulu loimba si woimba yekha. Monga ufumu uli wa mbumba osati wa wokhala pampando, gulu lokhalitsa limasanduka la anthu amene adalisunga m'mitima. Iwo ndi amene amalonga wolowa dzina, ndipo amamulonga pobwera ndi poimba naye. Akadakhala kuti sadamuvomere, bwenzi akungokhala kunyumba, ndipo palibe chikalata cha boma chimene chingadzaze bwalo lopanda anthu.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chenicheni chimene ndidavalira jekete usiku uja, chifukwa Ma Blacks si amene adali oimba a unyamata wanga. Ine ndidayamba uphunzitsi m'zaka za m'ma 1970, pa sukulu ina ya kumadzulo kwa boma lino, kufupi ndi malire. Kumeneko wailesi ya ku Zambia inkamveka bwino usiku, ndipo ku Zambia kudali kutabuka nyimbo za magitala olira ngati mphenzi, zimene masiku ano azitcha Zamrock. Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo anyamata a ku migodi ndi ku Lusaka adatenga nyimbo za rock za Azungu naziphika mu mphika wawo. Padali gulu la WITCH, dzina limene pa Chingerezi limatanthauza mfiti, moti sindinkalitchula pamaso pa abusa. Padali Amanaz. Koma wanga weniweni adali Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, chifukwa ankaimbanso m'Chinyanja, ndipo kumva chilankhulo cha amayi anga chitakwera pa gitala wolusa choncho kudali ngati kuona agogo atakwera ndege. Ndinkachepetsa mawu a wailesi ndi kuiika pafupi ndi khutu, mabatire ndikuwaanika padzuwa masana kuti afike Loweruka.

Kwathu kuno nthawi imeneyo zinthu zidali zina. Lamulo la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi madiresi aafupi, amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena ankametedwa atangotsika ndege pa Chileka pomwepo. Bungwe loona za mabuku ndi nyimbo linkaletsa chilichonse chimene lakayikira. Mphunzitsi wachinyamata, wa m'boma la kwawo kwa Ngwazi, sakadayerekeza kudziwika kuti amakonda nyimbo za anthu a tsitsi lanyankhalala. Komabe mumtima ndinkati tsiku lina ndidzawoloka malire, ndidzakwera basi pa Chipata mpaka ku Lusaka, ndikamuone Ngozi ndi maso. Chaka chino ndalama zapita ku ukwati, chaka chamawa kwabadwa mwana, chaka chinacho andisamutsa. Mu 1989 Paul Ngozi adamwalira. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Zengerezuyo ndidali ine.

Mnzanga wina amene ankapita ku Lusaka kukaona abale adamuonapo, ndipo ankandifotokozera. Tsiku lina ankati adavala zofiira, tsiku lina zoyera. Tsiku lina holo idadzaza, tsiku lina idasefukira mpaka mumsewu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Ine ndakhala zaka zoposa 30 ndi za m'maluwa zokhazokha. Inu a masiku ano muli ndi kandimverere wanu wa m'thumba, foni ija, imene imakuonetsani chithunzi ndi mawu omwe, ndipo mumaganiza kuti mwafika. Usiku uja ndidaona ena akuonera nsanja kudzera pa galasi la foni pamene nsanjayo ili patsogolo pawo. Ndidawamvera chisoni. Foni simva fumbi, simva besi m'nthiti, sidziwa kuti mayi amene waima pambali pako akulira chifukwa nyimboyo ankaikonda malemu amuna ake.

Nkhani ya WITCH ili ndi phunziro lake pa funso la mdzukulu wanga. Mwa anyamata amene adayambitsa gululi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, onse adatha kumwalira kupatula woimba wake, Emmanuel Chanda, wotchedwa Jagari potengera Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones la ku England. Mliri wa Edzi udasesa oimba ambiri a m'badwo umenewo, monga udasesera aphunzitsi anzanga. Jagari adakhalapo mphunzitsi, kenaka adapita kukakumba miyala ya mtengo wapatali, dziko litamuiwala. Patapita zaka, anthu a kunja adafukula zimbale zakale nazisindikizanso, ena adajambula kanema wa moyo wake amene adatuluka mu 2019, ndipo nkhalambayo idabwerera pa nsanja ikuimba ndi achinyamata, ena a iwo Azungu a ku Ulaya. Mu 2023 adatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Kodi ameneyo ndi WITCH kapena ayi? Anthu amene adadzaza maholo ku Ulaya ndi ku America sadavutike ndi funsolo. Ngakhale a Rolling Stones enieniwo, woimba ng'oma wawo Charlie Watts atamwalira mu 2021, adaika wina pa mpando napitiriza ulendo, Jagger ali ndi zaka zopitirira 80 mu 2024 akudumphabe ngati tonde. Azungu nawo amalowa dzina, kungoti alibe anamkungwi.

Chimene chimandiwawa pa nkhani ya Jagari n'chakuti adachita kutoledwa ndi alendo. Ifenso khalidwe lathu ndi lomwelo. Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930 ku Chiradzulu, adaimba zaka makumi ambiri ali ndi gitala wake m'malo omwera mowa, ife tikumudutsa. Zidatengera Patience Namadingo kukhala naye pansi mu 2020, ndi nyimbo ya Linny Hoo kuzungulira dziko lonse pa intaneti, kuti ambiri a ife tidzidzimuke ndi kunena kuti ndi wathu. Wambali Mkandawire adapita mu Januwale 2021. Lucius Banda adapita pa 30 Juni 2024. Pa maliro awo tidalankhula zokoma zambiri. Koma ndikufunseni, ndi angati mwa olankhula aja amene adalipirapo pakhomo kukawaona ali moyo? Ife ndife anthu odziwa kugula bokosi lokongola la munthu amene tinkamumana phala.

Pa gule pali mwambo wa kusupa. Wovina akavina bwino, umadzuka ndi kukaponya kanthu pabwalo, ndipo sunena kuti wataya ndalama. Ndalama ya pakhomo pa dansi ndi kusupa komweko. Kale woimba ankadalirako makaseti, amene ankagulitsidwa kwa O.G. Issa ndi m'misika. Lero nyimbo amangoikoperana m'mafoni pa kanyumba kalikonse ka pa msika, woimba osaonapo ngakhale tambala, ngakhale bungwe la COSOMA lakhala likulimbana nazo chiyambire 1992. Chimene chatsala kuti oimba adye ndi msewu: kukweza zida pa galimoto, kuyenda makilomita mazanamazana kuchokera ku Blantyre, kuimba usiku, m'mawa kunyamukanso. Amabwera kuno nyengo ya msika wa fodya chifukwa amadziwa kuti ndi pamene m'matumba mwathu mumalira kanthu. Nawo ndi alimi, munda wawo ndife.

Sindikufuna kuti muziti agogo akalamba ayamba kuyamikira chilichonse. Pali zonena za mbali inayo, ndipo zina ndi zoona. Mnzanga wina, mphunzitsi wopuma ngati ine, nditamufotokozera adaseka nati, "Tsobola wakale sawawa." Ankatanthauza kuti ukali umene udali mwa Matafale, mnyamata amene ankanena zimene ena ankaopa, sungabwerezedwe ndi anthu amene akula, ali ndi mabanja ndi ngongole za sukulu. Ndikuvomera. Palibe wolowa dzina amene amafanana ndi malemu pa zonse, ndipo mfumu yoyamba imakhala ndi ulemerero umene otsatira sangaufikire, chifukwa ndiyo idagwetsa mitengo. Ndikuvomeranso kuti alipo olowa dzina amene amangodya dzinalo, osawonjezapo kanthu, monga mfumu yogulitsa minda ya makolo. Gulu limene lingamangobwereza za malemu chaka ndi chaka lidzasanduka chiliza choyenda, pakuti nyimbo imodzi sachezera gule. Muyeso wake ndi uwu: kodi wolowayo wasunga zakale, ndipo kodi walimapo munda wakewake? Usiku uja nyimbo zimene zidatuluka Matafale atapita kale anthu adaziimba ndi mphamvu yofanana ndi zoyamba zija, ndipo achinyamata ena sankadziwa n'komwe kuti iyi ndi ya uyu, iyo ndi ya uyo. Kwa ine umenewo ndi umboni wokwanira. Za tsobolayo ndidamuyankha mnzangayo kuti wakale ndi amene timasungira mbewu.

Zoona zinanso n'zakuti malo otere si tchalitchi. Ndidaona mowa ukuyenda ngati madzi a m'ngalande, ndidaona bambo wina akumwaza ndalama zimene ndikukhulupirira kuti mkazi wake ndi ana adazivutikira chaka chonse, kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kudinda. Ndidaona atsikana amene msinkhu wawo udayenera kukhala pa mabuku. Zimenezi zidandipweteka, ndipo uhedi udandibwerera mpaka ndidafuna kufunsa mayina a makolo awo. Koma mlandu umenewu si wa gitala. Pa mowa wa chikumbutso, pa chinamwali, ngakhale pa Kulamba ku Mkaika, oledzera sasowa, ndipo sitinati tithetse miyamboyo chifukwa cha iwo. Walira mvula walira matope.

Ena mwa inu okonda miyambo mundifunsa kuti zoimba za magetsi zikukhudzana bwanji ndi chikhalidwe chathu, popeza reggae ndi ya ku Jamaica ndipo rock ndi ya Azungu. Ndikuyankhani ndi mganda. Gule ameneyu, amene ife a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi timamunyadira ngati wa makolo, adachokera ku perete wa asilikali. Makolo athu amene adapita ku nkhondo za Azungu adaona kuguba, mayunifolomu ndi malipenga, nabwera kudzazisandutsa gule, lipenga nalipanga ndi chikho. Ndikhulupirira kuti nkhalamba za nthawi imeneyo zidang'ung'udza kuti anyamata atengera zachilendo. Lero mganda timauvina pa zisangalalo za fuko monga chuma chathu. Chinthu chimakhala chathu tikachiphika ndi moto wathu, tikachiyankhulitsa chilankhulo chathu, ndi tikachisiyira ana. Gulu limene laimba m'Chichewa zaka zoposa 20, laika m'manda atsogoleri awiri, ndipo agogo ndi mdzukulu akuimba nalo limodzi, ladutsa kale mayeso amenewo.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndi chimene ndakhala ndikuchizungulira. Mpando uja ndidakhalira sadandipezere mdzukulu wanga. Titangolowa, bambo wina wa tsitsi lopotana lofika m'chiuno, ndevu zitayamba imvi, adandiyang'anitsitsa, navula chipewa, nagwira m'manja mwanga ndi manja awiri. "Ahedi, mwabwera kuno?" Adathamanga nabwera ndi mpando, naupukuta ndi chipewa chake chomwe. Ine sindidamuzindikire mpaka adatchula sukulu ndi chaka. Pamenepo miyendo idandifooka, moti mpandowo udafika pa nthawi yake.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndili mphunzitsi wamkulu, mnyamata ameneyu adali mu Sitandade 7, wanzeru pa masamu. Adabwera kuchokera ku tchuthi atayamba kupota tsitsi, chifukwa malume ake amene ankamulera adali wa chipembedzo cha Rasta. Ndidamuitana mu ofesi, ndidamulanda kaseti imene idali m'thumba mwake, ndipo ndidamuuza kuti asabwerenso mpaka atameta. Ndidali ndi malamulo kumbuyo kwanga, ndipo ndidagona tulo tabwino usiku umenewo. Sadamete, ndipo sadabwerenso. Kaseti ija ndidaiponya m'dirowa, ndipo tsiku lina ndili ndekha ndidaiika mu wailesi kuti ndimve zimene zikuwononga ana. Idali Kuimba 1. Ndimo m'mene ndidawadziwira Ma Blacks, adzukulu anga: ndi kaseti ya mwana amene ndidamuthamangitsa. Ine yemwe, amene ndinkabisa wailesi pansi pa bulangeti kuti ndimve Paul Ngozi, amene ndinkadandaula mumtima za lamulo lometa anthu, nditapatsidwa mpando ndidachita zomwezo. Lamulo la kavalidwe lidachotsedwa mu 1993, koma m'mutu mwanga lidatsalamo. Mu Meyi 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, pamaso pa Justice Zione Ntaba, lidagamula kuti ana a tsitsi lotere aziloledwa m'sukulu za boma. Chigamulocho chidabwera mnyamata wanga ali kale ndi imvi.

Pakati pa nyimbo, phokoso litatsika, ndidamukoka dzanja ndi kumuuza kuti, "Mwana wanga, ndidakulakwira." Adaseka pang'ono nati, "Ahedi, zidapita zimenezo. Inu munkagwira ntchito." Yankho limeneli lidandipweteka kuposa akadandinyoza, chifukwa ndi lomwe ndakhala ndikudziuza ndekha zaka zonsezi. Adandiuza kuti ndi kalipentala, amakhoma mipando ndi zitseko, ndipo masamu aja amamuthandiza poyeza matabwa. Ali ndi ana atatu. Wamkulu, mtsikana, ali ku sekondale, ndipo tsitsi lake ndi lofanana ndi la bambo ake.

Tidatuluka tambala woyamba atalira. Mdzukulu wanga mawu adali atamuthera, moti panjira sadanene kanthu za dzina, ndipo ine sindidamukumbutse. Kunyumba ndidapeza agogo anu aakazi ali maso, nyali ikuyaka, akuti ankangofuna kuona ngati ndibwera ndi miyendo yanga kapena pa machira. M'mawa mwake ndidatsegula sutikesi ya mapepala akale, ndipo pansi pa masatifiketi kaseti ija ilipo, chikuto chake chitafwifwa, dzina la mwini wake lolembedwa ndi bolopeni likuwerengekabe. Loweruka likubwerali mdzukulu wanga andiperekeza ku shedi ya kalipentala uja kuti ndikaibweze. Ndawapempha agogo anu kuti andigwirire tambala wofiira uja ndipite naye.